Chitetezo Chatsika

Mawu akuti chitetezo analipo m'Chichewa Edzi isanabwere, koma ankakhala kunja kwa thupi. Anali mawu a apolisi ndi asilikali, a mpanda wa khola, a mankhwala otsirikira nyumba kuti mfiti isatambepo. Kuchokera mu 1985, pamene munthu woyamba anapezeka ndi matendawa m'Malawi, mawuwa anasamukira m'magazi, ndipo pofika mu 2004, boma litayamba kugawa ma ARV mwaulere, panalibe mudzi umene sunkadziwa tanthauzo la kunena kuti chitetezo cha uje chatsika. Aphungu a zaumoyo anagwira ntchito yotamandika pamenepo. Anapatsa anthu asilikali a m'thupi, nawapatsanso nambala yowawerengera, CD4. Koma mawu akakoka ngolo imodzi kwa zaka makumi anayi amazolowera goli lake. Lero munthu akauzidwa kuti chitetezo chake chatsika, abale ake samva china koma kachirombo.

Izi ndi zimene zinagwera bambo wina wa m'boma la Dedza, amene anthu a kwawo amangowatchula kuti Alangizi, poti moyo wawo wonse anali mlangizi wa ziweto, woyendera madibi pa njinga ndi kudonthezera nkhuku katemera wa chitopa m'maso. Atapuma pantchito anatupa m'khosi. Iwo ndi akazi awo anati ndi mwanabere, ndipo sanalakwe kwenikweni, chifukwa chimene chinatupacho ndi chomwechi chimene chimatupa munthu akavulala chala cha kuphazi. Kusiyana kwake kunali kwakuti mwanabere wamba amapweteka ndipo amaphwa chilonda chikapola. Uyu sankapweteka, sankaphwa, ankangokula mwakachetechete, kwinaku mwini wake akudzuka usiku zofunda zitanyowa ndi thukuta, lamba akumuboola mabowo atsopano. Madokotala atadula kanyama ka pamenepo ndi kukaunika, anati ndi lymphoma, khansa ya maselo a m'magazi oyera amene nyumba yawo ndi mwanabere yemweyo.

Dzina la matendawa ndi lachilendo koma matendawo si alendo kuno. Thomas Hodgkin analemba za mtundu wina wa iwo ku London mu 1832. Denis Burkitt anafotokoza mu 1958 za mtundu umene umatupitsa nsagwada za ana ku Uganda, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala za kuno kummwera, za Nyasaland zomwe, kufunsa kumene chotupacho chimapezeka ndi kumene sichipezeka. Wa Alangizi unali mtundu umene umagwira akuluakulu kawirikawiri, wofulumira kukula komanso womvera mankhwala. Anawalembera mankhwala anayi a nthawi zonse, opatsidwa kasanu ndi kamodzi, masabata atatuatatu. Ana awo, motsogozedwa ndi wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anasonkherana kuti pakhale wachisanu, rituximab, amene ku America anavomerezedwa mu 1997 ndipo bungwe la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015. Kafukufuku wochitikira pa Kamuzu Central ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2021, anali atasonyeza kale kuti mankhwalawa angathe kuperekedwa bwinobwino m'chipatala cha kuno. Chotupa chinasungunuka ngati mchere m'ndiwo. Tsitsi linathothoka nkumeranso. Banja linapereka mbuzi ku tchalitchi pothokoza.

Walira mvula walira matope. Miyezi ingapo itapita kunabwera chifuwa. Poyamba chinali chimfine chimene anachitenga kwa mdzukulu. Mwanayo anachira m'masiku atatu, agogo ake anakagonekedwa ndi chibayo. Anatuluka, nakhala masabata asanu ndi limodzi, nabwereranso. Kenaka mutu unayamba kulemera pamphumi, mamina achikasu osatha, khutu kutuluka mafinya ngati la khanda. M'chaka chimodzi chibayo chinawagwetsa katatu. Makhololo anayezedwa kufuna chifuwa chachikulu, sichinapezeke. Magazi anayezedwa kufuna HIV, kawiri konse, sinapezeke. Anawerenga maselo ofiira ndi oyera, nati magazi ali bwino. Khansa nayo sinabwerere. Munthu amene mapepala onse akuti ali bwino koma akungogwa ndi matenda amapatsa mudzi ntchito, ndipo mudzi suzengereza kuigwira. Ena anati ndi mdulo, kuti pali amene anathira mchere m'ndiwo asali woyenera, ndipo maso onse anatembenukira kwa mayi wa m'nyumbamo. Ena anati makina a kuchipatala amabisa.

Anali dokotala wachitsikana, wongochoka kumene ku sukulu, amene anatenga nthawi kuwerenga buku lonse la chipatala la Alangizi kuchokera kuchikuto, naona dzina la rituximab. Anapempha kuti magazi atumizidwe ku labotale yolipira kukayeza chinthu chimene chinali chisanayezedwepo chiyambire: kuchuluka kwa ma antibody. Mwa munthu wamkulu wathanzi mtundu waukulu wa iwo, wotchedwa IgG, umakhala pakati pa magalamu 7 ndi 16 pa lita imodzi. Wa Alangizi sunafike ndi 4 yemwe. Dokotalayo anasangalala monga amasangalalira munthu wopeza singano imene inatayika, ndipo pofuna kuti amveke bwino analankhula m'Chichewa chomveka. "Bambo, tapeza vuto. Chitetezo chanu n'chotsika kwambiri." Mayi amene anakhala pa benchi m'mbali mwa amuna awo anamanga chitenje chawo natuluka panja osatsanzika.

Dokotala sananame, ndipo mayiwo sanamve molakwa. Cholakwa chili m'mawuwo. Chitetezo ndi dzina la chinthu chimodzi, lopanda zambiri zake m'kalankhulidwe ka masiku onse, ndipo aneni amene amayenda nalo ndi a madzi a m'chitsime: chimatsika, chimakwera, chimatha. Munthu womva chonchi amaona mtsuko umodzi wokhala ndi mulingo umodzi. Komatu m'thupi muli mitsuko ingapo, ndipo wina ukhoza kuuma unzake uli wodzaza. HIV imapha maselo a mtundu wa T, amene CD4 imawerenga. Lymphoma ya Alangizi inali ya maselo a mtundu wa B, amene ntchito yawo ndi kukhwima nkusanduka opanga ma antibody. Rituximab amagwira chizindikiro chotchedwa CD20 chimene chili pa khungu la maselo a B, ndipo safunsa ngati selolo ndi la khansa kapena labwino, amasesa onse. Maselo okhwima kale, amene anabisala m'mafuta a m'mafupa, alibe chizindikirocho, choncho amapulumuka nkumapitiriza ntchito. N'chifukwa chake vuto silioneka msanga. Koma akale aja akamatha, olowa m'malo palibe. Kwa anthu ambiri maselo a B amabwerera pakati pa miyezi 6 ndi 12, zinthu nkukhalanso bwino. Kwa ena amabwerera koma osakhwima, ndipo mtsuko umakhala wouma zaka. Prednisone, mmodzi wa mankhwala anayi aja, amatsitsanso mulingowo, ndipo lymphoma payokha imautsitsa mankhwala asanayambe n'komwe.

Fanizo la asilikali nalo limasokeretsa pano, chifukwa antibody si msilikali. Alibe moyo, sayenda yekha, saganiza. Ndi puloteni yooneka ngati mphanda, yosemedwa kuti ikwanire pa kachirombo kamodzi kokha. Mabakiteriya amene amayambitsa chibayo, monga Streptococcus pneumoniae ndi Haemophilus influenzae, amavala chikopa choterera, ndipo maselo oyera akafuna kuwameza amapulumuka ngati mlamba m'manja mwa mwana. Msodzi amadziwa kuti mlamba umagwirika ukagubuduzika pa mchenga. Antibody ndi mchenga umenewo. Asilikali a Alangizi analipo onse, monga pepala la labotale linanenera, koma nsomba inkawapulumuka. Ndipo poti khomo la mabakiteriyawa ndi mphuno, matenda ake amakhala a m'mphuno, m'makutu ndi m'mapapo, obwerezabwereza, mpaka timipaipi ta mpweya titafutukuka nkukhala zithaphwi za mafinya zimene sizipolanso. Apa ndi pamene pali changu: chibayo chilichonse chimasiya chipsera chimene mankhwala sangafufute.

Womasulira amene angafune mawu a Chichewa pa antibody asadzivute ndi kutsatira Chingerezi, chifukwa nachonso chinangobwereka. Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anasonyeza ku Berlin mu 1890 kuti madzi a m'magazi a nyama imene yapulumuka ku matenda amateteza nyama ina, ndipo Paul Ehrlich anatcha chinthu chosaonekacho Antikörper. Körper pamenepo si thupi la munthu ayi, ndi kanthu chabe. Amene analemba dzinali sankadziwa chimene akutchula. Chichewa chili ndi mwayi woposa pamenepo pa mawu akuti katemera, amene anachokera ku kutemera mphini: kucheka khungu, kupakamo kanthu kakang'ono, kuti thupi likhwime. Agogo amene anatemera ana awo pachifuwa sakanadabwa ndi ganizo la katemera. Akanadabwa ndi thupi limene walitemera koma losagwira mankhwala.

Chodabwitsa n'chakuti m'chipinda chija munthu amene anamvetsa msanga anali wodwala mwiniwake. Dokotala atabwerera m'mbuyo nkuyamba kufotokoza za maselo a B, ananena mongodutsa kuti chilembocho chinachokera ku nkhuku. Alangizi anadzuka pa pilo. Pamwamba pa potulukira chitosi cha nkhuku yaing'ono pali kathumba kamene Hieronymus Fabricius wa ku Padua anakalemba, buku lake nkutuluka mu 1621 iye atamwalira, ndipo kwa zaka mazana atatu panalibe wodziwa ntchito yake. Bruce Glick, wophunzira pa yunivesite ya Ohio State, ankachotsa kathumbaka mwa anapiye. Mnzake Timothy Chang anabwereka nkhukuzo kuti aonetse ophunzira m'mene thupi limapangira ma antibody, koma nkhukuzo sizinapange, phunziro nkuwonongeka. Zimene anapezazo zinatuluka mu 1956 m'magazini ya oweta nkhuku, Poultry Science, kumene madokotala a anthu sankayang'anako, mpaka Max Cooper ndi Robert Good anazitola nasonyeza mu 1965 kuti chitetezo chili ndi nthambi ziwiri. Kathumbako m'Chilatini ndi bursa. B wachokera pamenepo.

"Adokotala," anatero Alangizi, "mukunenatu gumboro."

Dokotala sankaidziwa gumboro. Mlangizi wa ziweto aliyense amaidziwa. Ndi matenda a anapiye amene amadya kathumba komweko. Dzina lake limamveka ngati la kwathu kuno, moti wina akhoza kulifunafuna m'Chisena kapena m'Chishona, koma ndi dzina la kamudzi ka ku Delaware, ku America, kumene matendawa anafotokozedwa koyamba mu 1962. Anapiye akagwidwa ali aang'ono kwambiri sadwala moonekera. Amakula, amadya, amaoneka ngati anzawo. Koma uwapatse katemera wa chitopa, sagwira. Kubwere kachifuwa kalikonse m'khola, ndi iwo oyamba kugwetsa mapiko. Alangizi anali atang'ambapo anapiye ambirimbiri pa makhola a alimi nkuwaonetsa kathumba kofota ngati nsawawa yofwapa. Tsopano anadziwa kuti iwo ndi mwanapiye wotereyo, ndipo akazi awo amati kuyambira tsiku limenelo anayamba kugona tulo.

Nkhani ya Alangizi siyachilendo ngakhale kumene kuli ndalama. Madokotala a ku Memorial Sloan Kettering ku New York anafalitsa mu 2013 zimene anaona mwa odwala lymphoma 211: mwa amene anayamba rituximab IgG yawo ili bwino, pafupifupi anayi mwa khumi alionse inatsika pambuyo pake, ngakhale kuti amene anadwala mpaka kufunika thandizo lapadera anali ochepa. Mu 2018 a ku Boston anayang'ana mabuku a odwala 4,479 amene analandira mankhwalawa, napeza kuti 85 mwa 100 alionse sanayezedwe ma antibody asanayambe. Ngati ku Boston amaiwala, sitingadabwe ndi chipatala chimene chilibe ndi makina ake omwe. Koma pali njira ya osauka imene ikanayenera kudziwika kwambiri. Poyeza chiwindi, labotale imalemba mapuloteni onse a m'magazi ndiponso albumin payokha. Kuchotsera yachiwiriyi ku yoyambayo, chotsalacho mbali yake yaikulu ndi ma antibody, ndipo chikakhala chochepera magalamu 18 pa lita ndi belu lochenjeza. Ndi masamu a Sitandade 3. Tsono anthu okulira kumene kuli malungo amakhala ndi IgG yochuluka kuposa Azungu amene milingoyi inayezedwera pa iwo, choncho nambala imene ku Ulaya ingaoneke yongotsika pang'ono, kwa munthu wa ku Dedza ikhoza kukhala kugwa kwakukulu.

Mankhwala ake alipo, ndipo ndi akale. Ogden Bruton, dokotala wa asilikali ku Washington, analemba mu 1952 za mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu amene ankangodwala chibayo poti anabadwa wosapanga ma antibody. Atayamba kumubaya ochokera m'magazi a anthu ena mwezi ndi mwezi, matenda analeka. Mpaka lero njira ndi yomweyo. Amasonkhanitsa plasma, madzi achikasu a m'magazi, ya anthu zikwi zambiri, nkuyenga ma antibody okhaokha, nkumupatsa wodwala pa dilipi. Munthu amabwereka chikumbukiro cha matenda onse amene anthu osawadziwa anadwalapo nkuchira. Khanda nalo limachita zomwezo: m'miyezi yomaliza ya mimba limalandira IgG ya mayi ake kudzera mu nsengwa, nkumakhalira yomweyo miyezi yoyambirira. Koma chobwereka sichikhalitsa. Theka la IgG limatha m'masabata atatu, choncho dilipi imabwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi. Mulingo wake ndi magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa Alangizi, amene anatsala makilogalamu 60, ndi magalamu 24 pa mwezi, ndipo kuti apezeke pamafunika malita asanu kapena kuposa a plasma. Mbali yaikulu ya plasma ya dziko lonse imachokera ku America, kumene opereka amalipidwa. Pafupi ndi kuno amayenga ku Pinetown, kufupi ndi Durban, pa National Bioproducts Institute. Mwana wa ku Johannesburg uja anafunsa mtengo, nawerengera miyezi khumi ndi iwiri, nawonjeza ulendo wa mabotolo ofunika kusamalidwa panjira, naimbira foni alongo ake usiku. Banja limene linagulitsa kale ng'ombe pogula rituximab linalibe china chogulitsa.

Chotsala chinali njira yachiwiri, kumwa mankhwala opha mabakiteriya tsiku ndi tsiku matenda asanabwere. Si njira yonyozeka. Kafukufuku wamng'ono wa ku Australia ndi New Zealand, wofalitsidwa mu 2024, anayerekeza njira ziwirizi mwa odwala khansa za m'magazi ndipo sanapeze kusiyana koonekera, ngakhale kuti odwalawo anali ochepa moti nkhaniyo sinathe. Koma mankhwala amene dokotala analemba anali Bactrim, ndipo palibe nyumba m'Malawi imene siidziwa Bactrim wa tsiku ndi tsiku ndi amene amamumwa. Mlongo wawo wa Alangizi, amene ndiye mwini mbumba, ataona botolo pawindo sanafunse kanthu. Anangouza mlamu wake kuti, "Alamu, mukanatiuza poyera, sitikanakusekani."

Mayiwa anakhala m'banja zaka zoposa makumi atatu osanenedwapo, ndipo tsopano ananenedwa kawiri: za mchere ndi za kachirombo. Iwo ndi amene ankawiritsa madzi akumwa, kuchapa tinsalu ta pamphuno, kuyang'ana thupi likatentha kuti athamangire kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti kuche, monga dokotala analamulira. Iwo ndi amene ankabweza adzukulu a chimfine pakhomo, nkumatchedwa ouma mtima. Ana a m'Malawi akhala akulandira katemera wa chibayo kuyambira mu November 2011, ndipo izi zimatchinjirizako agogo awo, koma kafukufuku wa ku Blantyre anasonyeza kuti mabakiteriyawo akadali m'mphuno za ana ambiri. Katemera wa Alangizi eni ake sakanagwira msanga. Thupi limene lalandira rituximab limatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa lisanayankhe bwino, ndipo n'chifukwa chake amati katemera aziperekedwa mankhwala asanayambe. Cholemera koposa chinali maliro. Mwamuna wamkulu amene sagona pa maliro a mnansi wake, amene amafika m'mawa nkukhala patali pansi pa mtengo osagwirana chanza ndi anthu, amakhala akudzikumbira dzenje la yekha, chifukwa mudzi umasunga kaundula wa amene anabwera ndi amene sanabwere. Dokotala anganene kuti pewani pagulu, koma sanena amene adzanyamule bokosi la munthu wopewa pagulu.

Loweruka lina Alangizi anaitana mlongo wawoyo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi anyakwawa. Anagwira msoti wosayamba kuikira, poti mwa nkhuku yaikulu kathumba kaja kamakhala katafota kale, naupha, naung'amba pa lichero onse akuona. Ndi nsonga ya mpeni anatukula kanyama kotuwa, kozungulira, kamakwinyamakwinya m'kati, kamene amayi amataya limodzi ndi matumbo osakayang'ana. Anawakumbutsa chaka chimene anapiye a kalabu ya amayi anatha ngakhale anali atalandira katemera wa chitopa, ndi chimene iwo anawaonetsa nthawi imeneyo. Kenaka anatulutsa mapepala awiri a HIV ndi pepala la IgG, nawayala pa mphasa. Anati mankhwala amene anapha chotupa anaphanso kathumba kawo, ndipo mkazi wawo sanathire mchere woipa m'ndiwo za munthu aliyense.

Munthu alibe kathumbako. Maselo ake a B amakulira m'mafupa, ndipo chimene chinawasesa mwa Alangizi si vairasi ya nkhuku. Katswiri akanakhalapo akanakonza zambiri. Mlongo uja anayang'ana kanyamako nthawi yaitali, nati, "Ndiye achimwene, mwasanduka nkhuku?" Anthu anaseka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mayi wa m'nyumbamo anaseka nawo. Msotiwo unaphikidwa, alamu awiriwo nathandizana kupakula.

IgG ya Alangizi imayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndalama zikapezeka. Yakwera pang'ono, sinafike pa 7. Chifuwa cha m'mawa sichinathe ndipo dokotala akuti mwina sichidzatha. M'mudzimo tsopano amati Alangizi ali ndi gumboro, ndipo akakhala patali pa maliro pamapezeka mnyamata wowapititsira mpando. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anabwera madzulo ena, nagwada pakhomo, napepesa kaye, kenaka nafunsa ngati n'koyenera kuti atsekere anapiye ake.